Sitiroko Yopanda Mtsempha Wotsekeka: Zimene Zithunzi za Ubongo Zimaulula pa Matenda a MELAS

Akabwera naye kuchipatala munthu wa zaka za m'ma 30, mutu ukumuphwanya, akusanza, sakuona zinthu za mbali imodzi ndipo zolankhula za abale ake sakuzitolanso, dokotala aliyense amayamba waganizira za sitiroko. Salakwa potero. Sitiroko ndi yofala, imapha msanga, ndipo mankhwala osungunula magazi oundana monga alteplase amayenera kuperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka. Koma pakati pa odwala otere pamapezeka ochepa amene zizindikiro zawo ndi za sitiroko, chithunzi chawo choyamba n'chofanananso ndi cha sitiroko, chikhalirecho mitsempha yawo yonse ya magazi ili yotseguka bwinobwino. Vuto lawo lili mkati mwa maselo, m'tizigawo totchedwa mitokondiriya, ndipo ambiri a iwo anachita kutengera kwa mayi awo. Kodi makina ojambula ubongo amawasiyanitsa bwanji anthu amenewa ndi odwala sitiroko yeniyeni, nanga ndi pati pamene makinawo amalephera?

Mitokondiriya ndi amene amasandutsa chakudya ndi okosijeni kukhala mphamvu yoyendetsera selo. Ubongo umalemera pafupifupi magawo 2 okha pa magawo 100 a thupi lonse, koma umadya magawo 20 a mphamvu imene thupi limagwiritsa ntchito munthu akangokhala. Choncho mitokondiriya akafooka, ubongo, minofu, mtima, makutu ndi kapamba ndizo zimayamba kudandaula. Chodabwitsa n'chakuti tizigawo timeneti tili ndi DNA yakeyake, yosiyana ndi ija ya pakatikati pa selo. Ndi kamkombero ka zilembo 16,569, kamene asayansi a ku Cambridge anakawerenga konse mu 1981. Mwana amalandira kamkombero kameneka kuchokera m'dzira la mayi basi. Malume akhoza kudwala nthendayi ana ake onse n'kukhala bwinobwino, pamene ana a mlongo wake ndiwo ali pachiopsezo. Nthendayi imatsata mbumba.

Selo limodzi limakhala ndi timikombero totere mazana kapena masauzande, ndipo mwa munthu wodwala tina timakhala tabwino, tina tolakwika. Kuchuluka kwa tolakwikato kumasiyana kuchokera pa chiwalo china kupita pa china, ndiponso pakati pa ana a mimba imodzi. N'chifukwa chake m'banja limodzi agogo amangokhala ndi shuga, mayi ali ndi shuga ndi vuto la kumva, mwana mmodzi alibe chilichonse, wina n'kumagwa khunyu ali ndi zaka 25.

Mu 1984 Steven Pavlakis ndi anzake a ku Columbia University ku New York, kuphatikizapo Salvatore DiMauro ndi Lewis Rowland, anafotokoza gulu la odwala amene anali ndi vuto la ubongo ndi minofu, asidi wa lactate wochuluka m'magazi, komanso kudwala kobwerezabwereza kooneka ngati sitiroko. Nthendayi anaipatsa dzina lachidule lakuti MELAS. Mu 1990 Yu-ichi Goto, Ikuya Nonaka ndi Satoshi Horai ku Japan anapeza gwero lake: pamalo a nambala 3243 pa kamkombero kaja, chilembo A chinalowedwa m'malo ndi G. Cholakwika chimodzi chimenechi, chimene chimalembedwa kuti m.3243A>G, chimapezeka mwa odwala MELAS pafupifupi 8 pa 10 alionse. Kale anthu ankaiona ngati nthenda ya ana ndi achinyamata, ndipo malamulo oizindikirira amene anakhazikitsidwa mu 1992 ankafuna kuti kudwala koyamba kuchitike munthu asanakwanitse zaka 40. Ambiri amayambadi choncho, koma tsopano zadziwika kuti ena amayamba ali ndi zaka za m'ma 50 kapena 60, msinkhu umene dokotala saganizanso za matenda akumtundu. Kafukufuku wa ku Newcastle, kumpoto chakum'mawa kwa England, amene anatuluka mu 2015, anapeza kuti wamkulu mmodzi mwa anthu 4,300 alionse ali ndi cholakwika cha DNA chimene chamudwalitsa kapena chingamudwalitse nthenda ya mitokondiriya. Si onse amene amafika pa MELAS, koma chiwerengerochi chikusonyeza kuti matendawa si osowa monga ankaganizira.

Tsono chinthu choyamba chimene katswiri wowerenga zithunzi amayang'ana ndi malire a chotupacho. Mbali iliyonse ya ubongo imadyetsedwa ndi mitsempha ikuluikulu itatu, wakutsogolo, wapakati ndi wakumbuyo, ndipo uliwonse uli ndi dera lake lodziwika. Zili ngati kudimba lothirira: ngalande imodzi ikatsekeka, mabedi amene amamwa ngalande imeneyo ndiwo amauma, a pafupi nawo n'kukhalabe obiriwira, ndipo mwini dimba akangoona pamene pauma amadziwa pokakumba. Sitiroko imalemekeza malire amenewa. Mtsempha wapakati ukatsekeka, chithunzi chimaonetsa dera lake lokha litawonongeka, kawirikawiri kuyambira kunja mpaka mkati mwakuya. MELAS ilibe nawo ntchito malirewo. Chotupa chake chimakonda kumbuyo kwa ubongo chakunkhongo, kumene kumamasulira zimene maso aona, ndi m'mbali chapamwamba ndi kuseri kwa khutu, kumene kumamasulira mawu. Chimatha kuyambira m'dera la mtsempha wakumbuyo n'kudumphira m'dera la mtsempha wapakati ngati kuti palibe chotchinga. Komanso chimayenda chapamwamba, kutsata makwinya a khungwa lotuwa la ubongo ndi kagawo koyera ka pansi pake penipeni, n'kusiya mkati mwakuya muli bwino. Khungwalo ndilo lili ndi maselo adyera kwambiri pa mphamvu, ndiye n'zomveka kuti ndilo limayamba kugonja.

Makina a CT, amene zipatala zambiri zimayambira, amaonetsa zimenezi mwachimbuuzi. Pamaoneka dera lakuderapo kumbuyo kwa ubongo, ndipo munthu wothamanga amalemba kuti sitiroko ya mtsempha wakumbuyo. Komabe CT ili ndi mphatso imodzi imene MRI wamba imaiphonya: imaonetsa bwino timiyala ta kashiyamu timene timaunjikana mbali zonse ziwiri m'timagulu ta maselo ta mkatikati mwa ubongo totchedwa basal ganglia. Mwa nkhalamba timiyala totere si tachilendo. Koma mwa munthu wa zaka 28, amene ubongo wake ukuonekanso wofota kuposa msinkhu wake, timayenera kumuimitsa dokotala kuti aganizenso. Akajambula mitsempha yokhayokha, pa CT kapena pa MRI, n'kupeza kuti palibe wotsekeka, mwinanso ya kudera lodwalalo yachita kutanuka, mfundo ya sitiroko imayamba kugwedezeka.

Pa MRI m'pamene pali nkhani yaitali, ndiponso mkangano. Pali njira ina yojambulira yotchedwa DWI imene imaona mmene timadzi tikuyendera m'minyewa ya ubongo, ndipo imapita limodzi ndi mapu a manambala otchedwa ADC. Magazi akasiya kufika, maselo amafufuma m'mphindi zochepa chabe, timadzi n'kupanikizika. Dera limenelo limawala pa DWI n'kuda pa ADC, ndipo limakhala lakuda choncho pafupifupi sabata yathunthu. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, malipoti angapo anasonyeza kuti chotupa cha MELAS chimawala pa ADC m'malo mwa kuda, kutanthauza kuti madzi atayikira kunja kwa maselo, maselowo asanafe. Anthu anasangalala poganiza kuti papezeka lamulo lachidule losiyanitsira matenda awiriwa, ndipo lamulolo linalowa m'mabuku ambiri ophunzitsira. Odwala atajambulidwa ambiri, makamaka m'masiku oyambirira enieni, zinaoneka kuti nkhani si yophweka choncho. Chotupa chimodzi chimatha kukhala ndi khungwa lakuda pa ADC, pansi pake pali powala, ndipo pakatha sabata zonse n'kusinthanso. Ine ndimaona kuti lamulo lija lasocheretsa anthu ambiri kuposa amene lawathandiza, chifukwa dokotala woona kuda pa ADC amatseka nkhani, n'kunena kuti MELAS yachotsedwa pamndandanda, pamene sinachoke. ADC imanena za mmene maselo alili tsiku limenelo. Sinena chimene chawafikitsa pamenepo.

Kuyenda kwa magazi kumanena zambiri kuposa pamenepa. Njira yotchedwa ASL imaika chizindikiro cha maginito pa magazi akamadutsa m'khosi, n'kuona kuchuluka kwa amene afika dera lililonse, popanda kubaya munthu mankhwala alionse. Pa sitiroko yatsopano, dera lodwalalo limasowa magazi. Pa MELAS, m'masiku a kudwala, magazi amachita kusefukira pamalopo, ndipo kwa odwala ena kusefukirako kwaonekapo chotupa chisanatulukire pa zithunzi zina. Chinthu chimenechi chimandigwira mtima nthawi zonse: okosijeni akufika wochuluka, koma maselo akufa ndi njala chifukwa sangathe kumugwiritsa ntchito. Pakapita miyezi dera lomwelo limadzaoneka losowa magazi, popeza maselo amene ankawafuna kulibenso. Koma apanso m'pofunika kusamala, chifukwa khunyu losalekeza la mtundu uliwonse limachulukitsa magazi, ndipo mtsempha umene unatsekeka n'kutseguka wokha umachitanso chimodzimodzi.

Njira ina, ya MR spectroscopy, simatulutsa chithunzi koma mzere wa timapiri tosonyeza makemikolo a m'kadera kamene asankha. Maselo akalephera kugwiritsa ntchito okosijeni amapanga lactate, ndipo iyeyu amaoneka ngati timapiri tiwiri togundizana pamalo a 1.3 pa mzerewo, timene timatembenukira pansi akasintha nthawi yojambulira. Kamphiri ka NAA, kamene kamasonyeza maselo a ubongo athanzi, kamatsika. Lactate wa mkati mwa chotupa satsimikizira kanthu, pakuti sitiroko yeniyeni, chithupsa cha mafinya ndi khansa zimamupanganso. Chofunika ndi kuyeza mbali inayo imene ikuoneka yabwinobwino, kapena m'madzi a m'timapanga ta mkati mwa ubongo. Lactate akapezeka kumeneko, ndiye kuti vuto ndi la ubongo wonse, osati la mtsempha umodzi.

Komabe mboni yaikulu kuposa zonsezi ndi nthawi. Sitiroko imagwa kamodzi, m'mphindi zochepa, pamalo amodzi, ndipo chilonda chake chimakhala pomwepo mpaka kale. Kudwala kwa MELAS kumabwera mokwawa. Mutu waching'alang'ala umayamba lero, mawa munthu akuona timagetsi tothwanima mbali imodzi ya diso, mkuja wasokonezeka, kenako dzanja layamba kunjenjemera lokha. Takahiro Iizuka ndi anzake ku Japan, atajambula odwala mobwerezabwereza chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anasonyeza kuti chotupacho chimafalikira pang'onopang'ono kwa masabata, kuchoka pa khwinya lina kupita pa loyandikana nalo. Chikhoza kuzimiririka pafupifupi chonse, kenako patapita miyezi kapena zaka n'kutulukira mbali inayo. Palibe mtsempha wotsekeka umene ungachite zimenezi. Kudwala kulikonse kumasiya chipsera chake: mzere wopyapyala wa khungwa lakufa umene umawala pa chithunzi cha MRI chotchedwa T1, timadontho takuda pansonga za makwinya timene akatswiri a ku Washington mu 2017 anatifanizira ndi chikhadabo chakuda cha chala chakuphazi, ndiponso kufota kwa kumbuyo kwa ubongo ndi kaubongo kakang'ono ka kunkhongo. Zipserazi zikachulukana munthu amayamba kuiwala, kusamva ndi kusaona, ngakhale maso ake enieniwo ali bwino.

Nanga chimayendetsa chotupachi n'chiyani? Ena amati timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo ndito tadwala, chifukwa makoma ake amapezeka atadzaza mitokondiriya olakwika ndipo satanuka bwino. Ena amati maselo a ubongo amangoperewera mphamvu basi. Ganizo lachitatu, limene Iizuka analilimbikitsa, ndi lakuti maselo ofookawo amayamba kuthetheka mosalekeza ngati pa khunyu, kuthethekako kumafuna mphamvu yochuluka imene palibe, ndipo maselo akamagonja amayatsa anzawo oyandikana nawo. Ganizo limeneli likugwirizana ndi kusefukira kwa magazi, kufalikira kwa pang'onopang'ono, ndiponso zimene makina a EEG, oyeza magetsi a mu ubongo, amapeza pamwamba pa chotupacho. Akatswiri a ku Ulaya amene anakumana ku Newcastle n'kutulutsa mfundo zawo mu 2019 anagwirizana zoti kudwalaku kumayendetsedwa ndi khunyu, ngakhale pamene wodwala sakuphupha moonekera. Kwa ine mfundo imeneyi ndiyo imapangitsa kuti nkhani yonse ya zithunzi ikhale ya moyo ndi imfa. Chithunzi chikawerengedwa ngati sitiroko, wodwala amapatsidwa asipirini n'kutumizidwa kumafizo, khunyu lobisikalo likupitiriza kudya khungwa la ubongo. Chikawerengedwa bwino, amapatsidwa msanga mankhwala amphamvu a khunyu monga levetiracetam kudzera m'mtsempha, amalumikizidwa ku EEG, amasamalidwa madzi, shuga ndi malungo, ndipo mbali ina ya chotupacho ikhoza kupulumuka. Pa mankhwala a arginine akatswiri sanamvane: madokotala ambiri a ku Japan ndi ku America amawapereka, pamene gulu la ku Newcastle linati umboni wake ndi wosakwanira. Dziko la Japan linavomerezanso taurine mu 2019 kuti azithandiza kupewa kudwala kobwereza.

Pali mankhwala amodzi a khunyu amene ayenera kupewedwa, ndiwo sodium valproate, amene amapezeka m'zipatala zambiri za kuno kwathu. Chiopsezo chake n'chachikulu kwambiri pa nthenda ina yofanana ndi MELAS, yochokera ku cholakwika cha jini yotchedwa POLG. Chimenechi chili mu DNA ya pakatikati pa selo, ndipo kawirikawiri mwana amadwala akachilandira kwa makolo onse awiri, choncho mbiri ya kuchimayi yokha singachiulule. Chimakonda achinyamata ndi achikulire achichepere, chimapezeka kwambiri ku Norway ndi ku Finland, ndipo chotupa chake chimakondanso kunkhongo, nthawi zambiri limodzi ndi gawo la mkati lotchedwa thalamus. Munthu wotere akamwa valproate chiwindi chake chikhoza kufa m'miyezi yochepa. Madokotala a ku Malawi amene anagwira ntchito m'zaka zoyambirira za ma ARV akuidziwa kale mbali ina ya nkhaniyi, ngakhale mwina sanaitchule choncho. Mankhwala a stavudine, amene anali m'mapiritsi a Triomune omwe dziko linayamba kuwasiya n'kusinthira ku tenofovir mu 2011, ankalepheretsa ntchito ya puloteni yomweyo imene POLG imapanga, ndipo n'chifukwa chake odwala ena ankamva dzanzi ndi moto kumapazi kapena kudzadzidwa ndi lactate m'magazi.

Zithunzi zimanamizanso mbali inayo, chifukwa si chotupa chilichonse chodumpha malire chimene chili MELAS. Kachilombo ka herpes kakalowa mu ubongo kamatupitsa dera la chakukhutu, ngakhale kuti iko kamakonda mbali ya mkati ndi yakutsogolo pamene MELAS imakonda yakunja ndi yakumbuyo. Odwala MELAS ambiri amayamba alandira acyclovir, ndipo palibe cholakwika pamenepo malinga ngati madzi a pamsana ayezedwa ndipo kufufuza sikunaime. Kuthamanga kwa magazi koopsa, monga kwa amayi oyembekezera amene akomoka, kumatupitsa kumbuyo kwa ubongo mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Magazi oundana m'mitsempha yotulutsa magazi mu ubongo, kutsika kwambiri kwa shuga, khunyu lotenga nthawi yaitali ndi matenda amene chitetezo cha thupi chimaukira ubongo, zonsezi zimatha kuvala nkhope yomweyo. Kuno kwathu mndandanda umayambira kwina. Kafukufuku wa ku Blantyre amene anatuluka mu 2016 anasonyeza kuti HIV ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu za sitiroko mwa achikulire achichepere, ndipo TB ya mu ubongo, chindoko ndi toxoplasmosis ziyenera kufufuzidwa munthu asanaganize za nthenda yosowa. Makina a MRI amene anafika ku Queen Elizabeth Central Hospital mu 2008 kudzera mu kafukufuku wa malungo a mu ubongo anali a mphamvu ya 0.35 tesla, yokwanira kuonetsa malo ndi malire a chotupa, pamene spectroscopy ndi ASL zimafuna makina a 1.5 kapena 3 tesla. Sindikuona ngati chimenechi ndi chifukwa chotayira mtima, popeza zizindikiro ziwiri zamphamvu kwambiri, malire ndi kusuntha kwa chotupa, zimaoneka ngakhale pa makina ofooka.

Chithunzi chimadzutsa funso, koma yankho limachokera kwa wodwala ndi abale ake. Kodi ndi wamfupi ndi wochepa thupi kuposa anzake? Anayamba liti kusamva bwino? Ali ndi shuga ngakhale sanenepe? Amatopa msanga akakwera chitunda? Mayi ake, alongo ake, amalume ake ndi agogo ake akuchikazi, ndani ali ndi shuga, ndani anagontha akadali wamng'ono, ndani anamwalira ndi mtima kapena khunyu? Mafunso amenewa salira ndalama, ndipo dokotala wotumiza wodwala kokajambulidwa akalemba mayankho ake papepala, wowerenga chithunzi amaona zimene akanaziphonya. Kutsimikiza kwenikweni ndi kuyeza DNA, koma napo pali msampha. Timikombero tolakwika ta m.3243A>G timachepa m'magazi munthu akamakula, moti wa zaka 50 akhoza kuyezedwa magazi n'kuuzidwa kuti alibe kanthu. Maselo a mumkodzo amasunga umboniwo bwino, ndipo pakakhala kukayika amadula kanyama ka mnofu, m'mene mitokondiriya odwala amaoneka ataunjikana mofiira m'mphepete mwa ulusi wa mnofuwo. Dzina la nthenda likadziwika, mtima uyenera kuunikidwa, mankhwala a shuga a metformin aganiziridwenso chifukwa amachulukitsa lactate, ndipo alongo a wodwalayo auzidwe zoona asanaganize za mimba.

Popeza umboni waukulu uli pa kuyerekeza chithunzi cha lero ndi cha chaka chatha, zithunzi zakale siziyenera kutayika. Wodwala amene anajambulidwa kuchipatala china, n'kudzadwalanso ali mumzinda wina, kawirikawiri amafika ndi kapepala kolembedwa mzere umodzi wakuti anadwalapo sitiroko, ndipo dokotala watsopanoyo amayambiranso pachiyambi. Achibale azipempha zithunzi zenizenizo pa CD kapena pa fulashi, osati lipoti lokha, n'kumazisunga pamodzi ndi buku lakuchipatala. Wowerenga zithunzi akaika ziwirizo pambalimbali n'kuona kuti chotupa cha kumanzere chinazimiririka ndipo china chatulukira kumanja, m'dera la mtsempha wina, akhoza kuimbira dokotala wa wodwalayo tsiku lomwelo kuti asiye valproate, aitanitse EEG ndi kutumiza mkodzo kokayezetsa.